Ku Franschhoek, galimoto yakale sangoyiimika n'kuyiiwala

Kuchoka mumzinda wa Cape Town kupita ku Franschhoek ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 75, ola limodzi ngati pamsewu palibe mdipiti wa magalimoto. Mukangosiya msewu waukulu wa N1 n'kulowa wa R45, nyumba zimayamba kuchepa, minda ya mpesa n'kumachuluka, ndipo mapiri amakufinyani mbali zonse mpaka mumaona ngati msewu ukukathera pakhoma. Dzina la tauniyi limatanthauza "ngodya ya Afalansa", chifukwa kuyambira mu 1688 m'chigwachi munakhazikika Afalansa amene ankathawa chizunzo cha chipembedzo kwawo. Alendo ambiri amabwera kuno kudzalawa vinyo ndi kudya zakudya zodula. Ife tinabwera kudzaona magalimoto.

Ndikati ife ndikunena ine ndi amalume anga, makaniko amene anaphunzira ntchito pansi pa mtengo wa mango ku Ndirande, koma tsopano atha zaka zambiri akukonza magalimoto ku Cape Town. Ine ndinkafuna zithunzi zoika pa Instagram, sindibisa. Iwo ankafuna kuona chinthu chimodzi chokha: anthu amenewa amatani kuti galimoto ya zaka zoposa 100 ikhalebe galimoto?

Franschhoek Motor Museum ili mkati mwa famu ya mpesa ya L'Ormarins, ya banja la Rupert, limodzi mwa mabanja olemera kwambiri ku South Africa. Chiyambi chake sichili kuno ayi. M'zaka za m'ma 1970, Anton Rupert anathandiza kukhazikitsa nyumba yosungiramo magalimoto akale pa siteshoni yakale ya sitima ku Heidelberg, kufupi ndi Johannesburg. Nyumbayo inatsekedwa mu 2003, ndipo mwana wake, Johann Rupert, anasamutsira magalimotowo kuno. Zitseko zinatsegulidwa mu Meyi 2007. Lero pali magalimoto, njinga zamoto ndi njinga zakapalasa zoposa 220, kuyambira njinga yamoto ya mawilo atatu ya Beeston ya 1898 kufikira Ferrari Enzo ya 2003. Simungotulukira ngati kumsika. Mumayenera kusungitsa malo nthawi isanakwane, ndiye ngati mukukonza zopita, yambani mwatero.

Magalimotowo ali m'nyumba zinayi zazitali zopaka laimu woyera, zonse pamodzi masikweyamita pafupifupi 2,700, ndipo anawandandalika motsata zaka. Mumayamba ndi aja ooneka ngati ngolo yopanda ng'ombe, a nyale zamkuwa ndi mawilo a masipoko, n'kumayenda nawo mpaka kufika pa ampikisano. M'gululi muli Tyrrell imene Jody Scheckter ankathamangira asanakhale katswiri wa dziko lonse wa Formula One mu 1979, komanso BMW yosalowa zipolopolo imene Nelson Mandela ankayendera pa ntchito ya 46664 yolimbana ndi Edzi. Ndinajambula mpaka foni kutentha.

Amalume sanajambule kanthu. Titangolowa m'nyumba yoyamba anaima, n'kukoka mpweya ngati munthu wonunkhiza ndiwo.

"Mphwanga, wamva?"

"Chiyani amalume?"

"Muno mulibe fungo la nkhungu. Galaja iliyonse yotsekedwa imanunkha chinyezi. Muno ayi."

Ankanena zoona. Nyumba zinayi zonsezi zili ndi makina oyamwa chinyezi mumpweya, ndipo pa zinthu zonse zodula zimene zili pamalopa, mwina chimenechi ndicho chofunika kwambiri ngakhale sichioneka pachithunzi. Kuno mvula imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, nthawi imene kwathu tikuotha dzuwa. Chitsulo chikazizira usiku, kenako mpweya wofunda ndi wonyowa n'kuchikhudza, chimachita thukuta ngati botolo lochokera mufiriji. Thukutalo silimathera pamwamba pomwe wopukuta angalione. Limalowa m'zitseko, pansi pa kapeti, m'kati mwa chesesi, ndipo dzimbiri limayamba kudya kuchokera mkati. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira 60 peresenti, dzimbiri limafulumira. Koma simunganene kuti tiumitsiretu mpweya, chifukwa galimoto yakale si chitsulo chokha. Ili ndi mipando yachikopa, ili ndi matabwa, ena mafupa a thupi lonse ndi amtengo, ndipo zimenezi zikauma kwambiri zimang'aluka. Chitsulo chikufuna pouma, chikopa ndi thabwa zikufuna kachinyezi pang'ono, ndipo zonse zili m'thupi limodzi. N'chifukwa chake osunga magalimoto amayesa kuimika chinyezi chapakati, mozungulira 50 peresenti, osalola kuti chizikwera ndi kutsika. Magetsi akazima kwa masiku angapo, kapena ndalama yolipirira ikasowa, ntchito yonseyo imabwerera m'mbuyo.

Ambirife timaganiza kuti galimoto imatha chifukwa choyenda. Imathanso chifukwa choima, ndipo imfa yake imakhala yachinunu. Tikudziwa tonse galimoto ija ya kuseri kwa nyumba m'makwalala athu, yokhazikidwa pa njerwa, mwini wake akulumbira chaka ndi chaka kuti "ikungofunika kabureta basi", nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Zimene zimaichitikira imeneyo zimachitikiranso Bugatti, kungoti Bugatti amaipukuta fumbi.

Amalume anandiwerengera pa zala tili chiimire pambali pa galimoto ina ya m'ma 1930. Matayala akapanikizika mbali imodzi kwa miyezi yambiri amaphwatalala pogunda pansipo, labala wake n'kuyamba kung'aluka. Mafuta a mabuleki amayamwa madzi kuchokera mumpweya, madziwo n'kuchititsa dzimbiri m'mapaipi mpaka mabuleki kugwirana. Petulo akakhalitsa m'thanki, mbali yake yopepuka imauluka, chotsalacho n'kusanduka ngati ulimbo wotseka timabowo ta kabureta. Ngati petuloyo ndi wosakaniza ndi ethanol, ngati wa kwathu amene wakhala akusakanizidwa ndi wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, vuto limakula, chifukwa ethanol amakoka madzi komanso amadya mapaipi alabala akale amene sanapangidwe kuti akumane naye. Oyilo amatsikira pansi pa injini, kumtunda n'kutsala kouma. Timalabala totseka mipata timauma n'kuyamba kudontheza. Batire imafa. Madzi a mu redieta amadya chitsulo chofewa. Ndiye kubwere makoswe okonda mawaya ndi thonje la m'mipando, njenjete za pansalu yaubweya, tizilombo tofumbutsa matabwa, ndi dzuwa lolowa pazenera limene limasulutsa penti tsiku ndi tsiku popanda wina kuzindikira.

"Ndiye ukaona galimoto ikunyezimira chonchi usafulumire kuombera m'manja," anatero. "Gwada uone pansi."

Anagwadadi, munthu wamkulu, malaya awo a tchalitchi ali m'thupi, kusuzumira pansi pa magalimoto a eni ake. Ine manyazi anandigwira. Iwo ankafufuza kadontho ka oyilo, ati galimoto yakale yosadontha ngakhale pang'ono ndiye kuti mwina mulibe oyilo, ndipo yopanda oyilo sinalizidwe kalekale.

Apa ndi pamene pali mkangano weniweni pakati pa osunga magalimoto padziko lonse. Njira zosungira zilipo ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi chimene imawononga. Yoyamba ndi kuigoneka galimotoyo: kukhuthula petulo ndi madzi onse, kuchotsa batire, kuikweza pa zitsulo kuti matayala asasenze katundu, kudzoza mafuta oteteza m'kati mwa injini, basi. Ikatero imakhala zaka zambiri osasintha, koma sidzalira popanda ntchito yaikulu. Yachiwiri ndi kuisunga yamoyo: kuiliza, kuiyendetsa mpaka injini itatentha bwino kuti chinyezi cha mkati chiume, kusintha mafuta pa nthawi yake. Ku Franschhoek anatsamira njira yachiwiriyi. Ali ndi galaja yawoyawo ndi amakaniko, komanso msewu wa mkati mwa famu woyendetsapo magalimoto. Pa magalimoto oposa 220 aja, alendo amaona pafupifupi 80 pa nthawi imodzi, ndipo amawasinthasintha.

Koma kuyendetsa kumadya chitsulo. Nthawi iliyonse injini ya 1920 ikalira, pisitoni imakhulana ndi khoma lake, giya imaluma inzake, ndipo kachitsulo kena kamene kanasulidwa ndi munthu amene anamwalira kalekale kamaperepeseka. Masipeya ake simungawapeze ngakhale ku Ndirande kumene amati chilichonse chimapezeka. Amachita kusula chatsopano. Chaka chino asintha ichi, chaka chamawa icho, ndipo pakapita zaka makumi angapo galimotoyo imayenda bwino kwambiri koma zambiri za m'mimba mwake si zija zoyamba. Onjezani ngozi: galimoto yoyenda ikhoza kugunda, ikhoza kuyaka.

Ndinawafunsa amalume kuti iwo ali mbali iti. Sanachedwe.

"Galimoto yosalira ndi mtembo wodzozedwa mafuta. Mwana adzadziwa bwanji mmene inkamvekera? Fungo lake? Mmene chiwongolero chinkalimbira?"

Ine ndili pakatikati, ndipo tinatsutsana mpaka pa chakudya chamasana. Ford Model T anapanga oposa 15 miliyoni. Imeneyo iyendetsedwe, ana akwere, ikathyoka ikonzedwe, ina ilipo. Koma galimoto imene ilipo imodzi padziko lonse, kapena imene mpando wake unakhalidwa ndi munthu wa m'mbiri, kuiyendetsa kuti alendo asangalale n'kutchova juga ndi chinthu chimene sichingabwezedwe. Mpando wong'ambika umene Mandela anakhalapo ndi wa mtengo kuposa watsopano wosokedwa bwino.

Nkhani ya kung'ambikayi ndi ina imene yasintha. Kale, kukonza galimoto yakale kunkatanthauza kuivula penti yonse, kutaya zikopa zakale, n'kuitulutsa ikunyezimira kuposa tsiku limene inachoka kufakitale. Ambiri tsopano amaona kuti kutero n'kufufuta umboni. Bungwe la dziko lonse loona za magalimoto akale la FIVA linatulutsa mfundo zotchedwa Turin Charter, zimene zinayamba kugwira ntchito mu 2013. Mwachidule zimalimbikitsa kusunga zinthu zoyambirira mmene zingathekere, kulemekeza zipsera zimene galimoto yapeza pa moyo wake, kulemba chilichonse chimene chasinthidwa, ndiponso, apa amalume anamwetulira, kuti magalimotowo azigwirabe ntchito yawo yoyenda. Mfundozo sizinathetse mkangano, zinangouika papepala.

Zonsezi ndi imfa ya pang'onopang'ono. Palinso ya tsiku limodzi, ndipo imeneyi ndi imene imaonetsa kuopsa kosonkhanitsa zinthu zosowa pansi pa denga limodzi. Mu Sepitembala 2003, moto unabuka ku National Motorcycle Museum kufupi ndi Birmingham ku England, n'kuwononga njinga zamoto pafupifupi 380. Nyumba yosungira magalimoto ili ndi zonse zimene moto umakonda: petulo, oyilo, labala, matabwa ouma, mawaya okalamba. Ndipo njira ija yosunga magalimoto amoyo imatanthauza kuti m'mathanki ena muli mafuta. Ndikuyang'ana mapiri ozungulira Franschhoek ndinakumbukira kuti m'chigawo chino moto wa m'tchire umabuka pafupifupi chilimwe chilichonse, mphepo yamphamvu ikuukupiza. Kusunga magalimoto kuno ndiye kuti kumayambira kutali ndi galimotoyo, pa udzu wotchetchedwa ndi madzi okhala chire.

Ngozi imene inadabwitsa anthu kwambiri inachitika ku Bowling Green, m'chigawo cha Kentucky ku America. M'mamawa wa pa 12 Febuluwale 2014, National Corvette Museum isanatsegulidwe, pansi pa chipinda china panagumuka n'kusanduka chidzenje cha mamita pafupifupi 12 m'lifupi. Magalimoto 8 a Corvette anagweramo, makamera achitetezo akujambula. Palibe anavulala. Dera limenelo lili pa miyala ya laimu imene madzi amaisungunula pang'onopang'ono n'kupanga mapanga, ndipo nyumbayo inali pamwamba pa limodzi mwa mapangawo. Chinyezi anali atachiweta, fumbi ankapukuta, koma nthaka yeniyeniyo inali ndi mphako.

Chimene chinandigwira mtima ndi zimene anasankha atawavuula. Atatu anawakonza. Asanu otsalawo, amene anaphwanyika kwambiri, anawasiya momwemo n'kumawaonetsa ali chiphwanyikire, chifukwa kuwakonza kukanakhala kupanga magalimoto atsopano n'kuwapatsa mayina a akale. Imodzi mwa itatu yokonzedwayo inali Corvette yoyera ya 1992, imene inakwanitsa chiwerengero cha 1 miliyoni. Poimasula, anapeza kuti ogwira ntchito pafakitale anasaina mayina awo pa zitsulo ndi zigamba za mkati, malo amene palibe mlendo akanawaona. Okonzawo anachita kuvutikira kuwongola zigamba zophwanyikazo m'malo moika zatsopano, kuti mayinawo asatayike. Makaniko wothamangira kunyezimira akanazitaya kudzala tsiku loyamba lomwelo.

Nditawafotokozera amalume nkhani imeneyi anakhala chete pang'ono, kenako anati nawonso akamanga injini amakanda chizindikiro chawo penapake mkati. Sindinkadziwa.

Nkhawa ina siikhudza dzimbiri kapena moto. Nyumba zambiri zoterezi zimaima pa thumba ndi mtima wa munthu mmodzi. Iye akapita, ana sakakamizidwa kukonda zimene bambo ankakonda. Ku California, Mullin Automotive Museum inali yotchuka chifukwa cha magalimoto a ku France a m'ma 1920 ndi 1930. Mwini wake, Peter Mullin, anamwalira mu 2023. Mu Febuluwale 2024 nyumbayo inatsekedwa, ndipo magalimoto ambiri anagulitsidwa pa okushoni n'kumwazikana. Magalimotowo sanawonongeke, mwina akusamalidwa bwino lomwe, koma inu ndi ine sitingawaonenso pamodzi, ndipo ena sitingawaone n'komwe. Za ku Heidelberg zija zinatha bwino chifukwa panapezeka wina wa ndalama ndi chidwi. Nyumba za boma kapena za makhonsolo sizifa ndi munthu mmodzi, koma nazo zimalimbirana ndalama ndi zipatala, misewu ndi madzi, ndipo pa mkangano umenewo denga lodontha la myuziyamu silikhala patsogolo. Kunena zoona, ndikanakhala khansala nanenso ndikanavutika kufotokozera anthu chifukwa chogulira makina oumitsa mpweya wa magalimoto chipatala chilibe mankhwala.

Palinso luso. Galimoto ya lero makaniko amailumikiza ku kompyuta, kompyutayo n'kunena pamene pakudwala. Ya 1910 amaimvetsera ndi khutu. Anthu odziwa kuchuna kabureta, kuwongola thupi la galimoto ndi nyundo, kusoka mpando wachikopa kapena kupala sipoko yamtengo akukalamba, ndipo achinyamata ochepa ndi amene akuphunzira. Mukhoza kukhala ndi nyumba youma bwino, magetsi osazima, ndalama zodzaza thumba, koma wodziwa kuiliza atasowa, njira yachiwiri ija yatha yokha. Ndinayang'ana manja a amalume, zikhadabo zakuda zimene sopo analephera kalekale, n'kuganiza kuti ana awo onse akuphunzira zina.

Pa magalimoto onse, amene ndinaimapo nthawi yaitali si Ferrari. Ndi kagalimoto kakang'ono kotchedwa GSM Dart, kamene kanayamba kupangidwa ku Cape Town komweko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi Bob van Niekerk ndi Willie Meissner, thupi lake la faibagalasi. Ferrari Enzo anapanga pafupifupi 400, ndipo iliyonse ili ndi mwini wolemera woilera ngati khanda. Enzo sidzasowa. Koma Dart, anthu a ku South Africa akapanda kuisunga, palibe wa ku Italy kapena ku Germany adzawasungire. Magalimoto amene ali pachiopsezo chenicheni ndi a mtundu umenewu, ndiponso aja otchipa amene anagwira ntchito mpaka kutheratu, chifukwa pa nthawi yawo palibe ankawaona ngati chinthu chosunga.

Apa m'pamene maganizo anandithawira kwathu. Ambirife chinthu chakale cha injini tinachiona koyamba pa ulendo wa sukulu ku myuziyamu ya ku Chichiri, sitima ya malasha ija tinkajambulitsa pambali pake. Koma magalimoto amene ananyamula makolo athu ali kuti? Mabasi a UTM, kenako a Stagecoach, amene anthu ankagonera pa depoti kuwadikira. Malole a Bedford onyamula fodya ndi chimanga. Land Rover ya kumishoni imene inali ambulansi, galimoto ya ukwati ndi ya maliro nthawi imodzi. Peugeot 404, imene ku France anasiya kupanga mu 1975 koma ku Kenya anapitiriza kuimanga mpaka 1991 chifukwa misewu ya ku Africa kuno inkaifunabe. Kusunga imodzi ya iliyonse sikufuna nyumba ngati za ku L'Ormarins. Poyambira ndi denga losadontha, simenti pansi m'malo mwa dothi, mpweya wodutsa, mafuta okhuthulidwa, zitsulo zoikwezapo, mphaka, ndi kope lolembamo kuti inali ya yani, inkayenda msewu uti, inanyamula chiyani. Kopelo ndilo limasowa msanga kuposa galimoto, chifukwa limadalira okalamba amene akukumbukira.

Tili m'njira yobwerera, dzuwa likulowa kuseri kwa minda ya mpesa, ndinawafunsa amalume za 404 ya pikapu imene ndinkamva kuti anaphunzirirapo ntchito, ya bwana wawo woyamba.

"Ija? Inayenda Blantyre ndi Mulanje zaka zoposa makumi awiri, mbatata, nthochi, anthu pamwamba. Injini ndinaitsitsa ndekha katatu."

"Ndiye ili kuti pano?"

"Bwana atamwalira inakhala pa njerwa zaka zingapo. Kenako ana anaigulitsa kwa a zitsulo zakutha, pa kilo. Zitseko ndi boneti anatenga osula mbaula. Masipuling'i anapita kwa wosula nkhwangwa, chitsulo chake n'cholimba kwabasi." Anasintha giya. "Mbaula imodzi anagula mayi ako. Mwina nsima yake unadyako."